Benchi lolira munthu akakhalapo: tiikemo mawaya kapena thabwa lokha likwanira?

Atate_a_Limbani analemba:

Muli bwanji nonse. Ndine kalipentala, shedi yanga ili ku Kalingalinga chakufupi ndi msewu wa Alick Nkhata, kuja mumaona mabedi ndi mageti atandandalika m'mbali mwa msewu. Kwathu ndi ku Katete. Ntchito yanga ya masiku onse ndi mabedi, zitseko ndi makabati a kukhitchini, koma chaka chino ndalowa m'ntchito ina yachilendo ndipo ndikufuna nzeru kwa amene anaigwirapo.

Pali mayi wina wojambula amene anapatsidwa chipinda pa chionetsero cha zaluso chimene chitsegulidwe mu Novembala muno mu Lusaka. Nkhani ya zithunzi zake ndi kudikira: kudikira basi, kudikira pa chipatala, kudikira pa mzere wa ku banki. Iwo safuna kuti anthu azingoima n'kumayang'ana khoma. Akufuna mipando yoti anthu akhalepo ndithu, ndipo mpandowo uchitepo kanthu munthu akaukhalira. Pa ntchitoyi tilipo atatu: mayiwo, ine, ndi mphwanga, mwana wa mlongo wanga, amene akuphunzira zamagetsi. Ndine ndinamuitana mnyamatayu, ndipo lero ndiye akunditsutsa kuposa wina aliyense.

Tikupanga zinthu ziwiri. Choyamba ndi tebulo lalifupi la nsolo, la mizere inayi ya maenje, ndi timipando tiwiri. Pamenepo palibe mkangano, ndinasema kale maenje ndipo latsala ndi kusalaza.

Mkangano uli pa benchi. Ndi lalitali mamita 2.4, la anthu anayi, kuchoka pansi masentimita 45 monga mpando wina uliwonse. Mafupa ake ndi a paini wa ku Copperbelt amene ndinagula ku msika wa Buseko, pokhalira ndi pa mlombwa, umene kuno ambiri amautcha mukwa. Pokhalira si thabwa limodzi ayi. Ndi matabwa anayi, munthu aliyense lake, ndipo lililonse lili pa mahinji kumbuyo ndi sipuling'i kutsogolo, kotero munthu akakhala limatsika pang'ono, ngati sentimita imodzi. Kutsikako ndiye kukuyenera kutulutsa mawu. Ukakhala wekha ukumva mawu amodzi. Kuti umve onse anayi, uyenera kulola anthu osawadziwa akhale nawe phewa ndi phewa. Ganizo la anthu osadziwana ndi la mayiwo, ndipo ndimalikonda. Ganizo la thabwa lotsika ndi langa. Poyamba iwo ankafuna mabatani oti munthu azidina ndi chala pa chogwirira mkono, ine ndinati munthu wodikira sadina kanthu, amangodziponya pansi, ndiye thupi lake likhale batani.

Tsono mawuwo akhale otani? Mayiwo ndi mphwangayo akufuna mawu ojambulidwa: angwangwazi a pa siteshoni ya Kulima Tower akuitanira mabasi, mayi wogulitsa chimanga chowotcha, mvula pa malata, wailesi ya m'minibasi. Pansi pa thabwa lililonse pakhale kachipangizo komva kulemera, kapite ku kakompyuta kakang'ono kotchedwa Arduino, Arduino iuze sipika. Ine ndikufuna kuti pansi pa benchi pakhale timatabwa ta mlombwa tosemedwa ngati ta silimba, marimba a Alozi, thabwa likatsika kamtengo kagogode, mawu atuluke mu mtengo weniweniwo.

Zifukwa zanga ndi izi. Tonse tikukumbukira 2024 pamene madzi anachepa ku Kariba, mmene tinkakhalira tsiku lathunthu makina ali duu. Chionetserochi chikhala milungu isanu ndi umodzi. Waya akaduka Lachiwiri m'mawa, mnyamata ali m'kalasi, ine ndili ku shedi, ndani akonze? Kamtengo kakaguluka, ngakhale mlonda akhoza kuwerama n'kuona pamene pavuta. Koma ndisabise, chifukwa china n'cha mumtima. Tikaika masipika, benchi langa lisanduka bokosi la wailesi, ntchito yake kubisa mawaya basi. Mayiwo akuti ayi, popanda mawu a m'tauni benchilo silikugwirizana ndi zithunzi zawo, likhala choseweretsa ana. Pamenepo sindinganene kuti akunama.

Funso lachiwiri ndi lovuta kulitulutsa pakamwa. Pa pepala limene anatumiza kwa eni chionetsero pali dzina lawo lokha, ndipo m'munsi analemba kuti mipando yapangidwa mothandizidwa ndi amisiri a m'deralo. Za ndalama sindikudandaula, tinagwirizana mtengo ndipo theka anandipatsa kale. Koma ine sindinangolandira chojambula n'kukhoma misomali. Kodi pa zionetsero zotere dzina la mmisiri limalembedwa? Nanga ndingaiyambe bwanji nkhaniyi osaoneka ngati ndayamba dyera ntchito ili pakati?

Aphunzitsi_Zulu anayankha:

Atate a Limbani, ine ndimaphunzitsa nyimbo pa sukulu ina ku Chelstone ndipo marimba a ana athu ndimakonza ndekha. Ndili mbali yanu, koma pali zinthu zimene zikupwetekeni mukapanda kuziona msanga.

Mwachita bwino kusiyanitsa thabwa lokhalira ndi thabwa lolira. Thabwa limalira chifukwa likunjenjemera, ndipo chilichonse cholipanikiza chimapha mawu. Kathabwa kolirako kamakhala ndi malo awiri pamene sikanjenjemera, ndipo ali pa mtunda wa pafupifupi 22 peresenti ya utali wake kuchokera ku nsonga iliyonse. Pa kathabwa ka masentimita 40, ndi pafupifupi masentimita 9 kuchokera kumapeto. Pamenepo ndi pomwe mubowole ndi kupisa chingwe, ndi pomwenso katsamire. Mukafuna kupapeza osayeza, wazani utuchi wosalala pamwamba n'kumagogoda pakati pang'onopang'ono. Utuchi uthawa pakati n'kukaunjikana m'mizere iwiri. Bowolani m'mizeremo. Osakhoma msomali, osamanga zolimba, kazikhala kogwedera.

Pochuna, mukasema kunsi pakati mawu amatsika, mukasema kunsi kwa nsonga amakwera. Semani pang'onopang'ono chifukwa kutsitsa n'kosavuta koma kukweza kumadya thabwa. Popeza anthu azikhala mwachisawawa, wina uku wina uko, sankhani mawu anayi oti alionse akakumana asamenyane m'khutu. Ine ndingatenge do, re, mi ndi so. Kunsi kwa kathabwa kalikonse pafunika chokuza mawu. Alozi pa silimba amaika zikho, koma m'benchi paipi ya PVC yotseka kumapeto kwina imakwana bwino, ndipo mukhoza kuigoneka chammbali ndi kagongono ngati malo achepa. Mawu otsika amafuna paipi yaitali.

Pamene ambiri amagwa ndi pa kamtengo kogogoda. Kakagogoda n'kutsalira pa thabwa, chifukwa munthu akadali chikhalire pamwamba, mumva "du" basi. Kayenera kumenya n'kudumpha. Njira yapafupi ndi kuika mutu wake pa kachitsulo kopindika, ngati chidutswa cha sowo yodulira zitsulo, n'kuika poimitsa kuti mkono uime mutu usanafike pa thabwa. Mutuwo upitirira wokha ndi liwiro, umenya, ubwerera. Mutu mukulunge ndi malegeni, osati mtengo pa mtengo.

Ndipo dziwani kuti benchi lanu lilira kamodzi munthu akakhala, kenako zii. Munthu akazindikira ayamba kudzuka n'kukhalanso, kudzuka n'kukhalanso. Mahinji a kabati sapirira zimenezo. Ikani a chitseko, a mabawuti opyoza.

Za mtengo: mlombwa wa pamsika nthawi zambiri umakhala usanaume bwino, ndipo kathabwa kochunidwa kali kakawisi kamasintha mawu pamene kakuuma. Ine ndimasaka zitseko ndi mafelemu akale a mlombwa kwa anthu amene akukonzanso nyumba zakale za ku Libala ndi Kabwata. Mtengo umenewo unauma kalekale. Komanso mukutsegula mu Novembala, mvula ikuyamba, matabwa amene mwapala m'chilimwe cha Okutobala afufuma m'lifupi. Siyani mpata wokwanira kuti matabwa okhalira asadzagwirane.

Thoko_wa_Mawaya anayankha:

Amalume, ndilankhuleko m'malo mwa mphwanuyo chifukwa ndikuona kuti ali yekha muno.

Mantha anu a magetsi ndi oona koma ali ndi mankhwala. Zinthu zimenezi sizidya moto wambiri. Batire ya 12V 7Ah, ija imakhala m'mamota a mageti ndi m'ma alamu, ndi kachipangizo kotsitsa moto kufika pa 5V, zikwanira kuyendetsa tsiku lonse, usiku n'kutchaja. Chimene ndingamuletse ndi power bank ya foni. Zambiri zimazima zokha zikaona kuti chinthu chikukoka moto wochepa, ndiye benchi likakhala kanthawi popanda munthu mupeza lafa.

Pamene sindikugwirizana naye ndi pa zoyezera kulemera. N'zoona zimapezeka, mukhoza kuzichotsa m'sikelo ya ku bafa, koma zimafuna kachipangizo kena kokuza chizindikiro, zimafuna kuzichuna, ndipo zimasuntha ndi kutentha. Inu simukufuna kudziwa kuti munthu akulemera bwanji. Mukufuna kudziwa kuti wakhala kapena sanakhale. Thabwa lanu lotsika lathetsa kale nkhaniyo. Ikani microswitch (switch yaing'ono yodinika) ya kamkono pansi pa thabwa lililonse, ngati zija zili pa chitseko cha microwave. N'zotchipa, ndipo ikafa mumasula masikuluwu awiri n'kuika ina. Koma thabwa lisamatsamire pa switchiyo, litsamire pa kamtengo koimitsa, switch izingokhudzidwa. Apo ayi mwana woyamba kudumphira aiphwanya.

Chinanso chimene mwina sanakuuzeni: DFPlayer Mini, ija yoimba mawu ojambulidwa imene ambiri amagwiritsa ntchito ndi Arduino, imaimba failo imodzi pa nthawi imodzi. Ngati mukufuna kuti mawu anayi azimveka pamodzi anthu anayi akakhala, mufunika zinayi, mpando uliwonse yake ndi sipika yake. Zimenezo n'zabwinonso, chifukwa imodzi ikafa zitatu zikugwirabe. Zonse zikhale m'dirowa imodzi yokhoma imene imatuluka yonse, mawaya a mapulagi olembedwa manambala, osati owotcherera. Dirowayo ndi ntchito yanu amalume, ndipo ndiyo idzapulumutse chionetsero. Mphwanu akasowa womuyang'anira mawaya ake, apite akafunse ku BongoHive, malo a zaukadaulo muno mu Lusaka, kumakhala anthu ozolowera zimenezi.

Ndipo bwanji osaphatikiza? Timatabwa tanu tilire munthu akangokhala, mawu a m'tauni abwere pansipansi pambuyo pake ngati munthuyo wakhalitsa. Wothamanga amva mtengo, wodikira amva Lusaka. Magetsi akavuta benchi silikhala chete.

Muwauze mayiwo kuti anthu amene akuwajambula mawu awapemphe kaye. Ngwangwazi akadzamva mawu ake m'chionetsero cha ku mayadi iye osadziwa, pakhala phokoso lina losakhala m'pulogalamu.

Amake_Dalitso anayankha:

Ine sindidziwa za matabwa kapena mawaya. Ndinagwirapo ntchito yolandira alendo ndi kuyang'anira zipinda pa zionetsero zingapo, ndiye ndikuuzani zimene zimachitika inu opanga mutapita kwanu.

Akuluakulu sakhala. Munthu amalowa manja ali kumbuyo, chifukwa kuyambira ali mwana, pa ulendo wa sukulu wa ku Lusaka National Museum, anauzidwa kuti usakhudze. Mukalemba chikwangwani chakuti khalani, amachiwerenga, amamwetulira, n'kupitirira. Chimene chimawakhazika ndi kuona wina atakhala kale, ndiponso mpando wooneka ngati unakhalidwapo. Mukaupaka vanishi wonyezimira n'kuuika pakati pa chipinda pansi pa getsi, palibe auyandikire. Upakeni mafuta okha, muuike kukhoma moyang'anana ndi zithunzi, pamene munthu wotopa angafune kupumira. Woyamba akhala chifukwa miyendo yawawa, benchi lilira, adzidzimuka, aseka, ndipo chipinda chonse chidziwa.

Ana a sukulu ndi nkhani ina. Amabwera kalasi yonse, ndipo pa benchi la anthu anayi akwerapo khumi, ena ataimirira. Limangeni poganizira amenewo. Chimene chikundiopsa pa zimene mwafotokoza ndi thabwa lotsika. Pali thabwa loyenda pafupi ndi thabwa loima, pamenepo pali chala cha mwana. Mpata uliwonse ukhale woti chala sichingalowe n'komwe, kapena waukulu woti chala chilowe n'kutuluka thabwa litatsika. Kutsogolo, kumene anthu amagwira pokhala, tsekani ndi thabwa lophimba. Miyala ya nsolo nayo idzatha m'matumba sabata yoyamba, ndipo yaing'ono ana aang'ono amaika m'kamwa. Sungani thumba lina kwa woyang'anira. Kumapeto kwina kwa benchi musiye malo oti njinga ya olumala iime pambali, munthuyo asakhale kutsogolo ngati woonerera.

Tsono ichi mundimvere bwino. Amene adzamve benchi limenelo kuyambira m'mawa mpaka madzulo kwa milungu isanu ndi umodzi si inu, ndi woyang'anira chipinda. Ndinakhalapo m'chipinda mmene munali mawu ojambulidwa obwerezabwereza, ndipo pofika sabata yachiwiri tonse tinali titadziwa pamene pali pulagi. Mlendo akalowa timayatsa, akatuluka timazimitsa, tsiku lina timaiwala kuyatsa. Ngwangwazi wokuwa "Matero, Matero" tsiku lonse adzazimitsidwa, ndikulonjezani. Mawu a mtengo satopetsa choncho. Ngati muika ojambulidwa, akhale ambiri osinthasintha, akhale apansi, ndipo woyang'anira mumupatse potsitsira kuti asafike pozula.

Za dzina, musachite manyazi ndipo musachedwe. Kabuku ka chionetsero ndi timapepala ta pakhoma zimapita kosindikiza masabata angapo chisanatsegulidwe, zikapita zapita. Ndaonapo zonse ziwiri, kumene mmisiri sanatchulidwe ndi kumene analembedwa bwinobwino. Kawirikawiri si nkhanza, wojambula amangotsatira mmene anaonera ena akulembera. Kusiyana kuli apa: amene wapanga chinthu motsatira chojambula cha wina amalembedwa kuti ndiye anapanga, koma amene waikapo nzeru yake pa kaonekedwe ndi kagwiridwe ka chinthucho amalembedwa pamodzi ndi mwini ganizo. Inu muli m'gulu lachiwiri pa benchi, ndipo mphwanu alembedwe pa zamagetsi. Musapemphe dzina pa zithunzi kapena pa chipinda chonse, zimenezo n'zawo. Pitani ndi mawu olemba kale pa pepala, mzere umodzi, kuti iwo angovomera kapena kukonza.

Pa pepala lomwelo mugwirizanenso zinthu ziwiri zimene zimadanitsa anthu pambuyo pake. Benchi likagulidwa, ndalama igawidwa bwanji? Nanga wina akabwera ku shedi kwanu n'kuti mundipangire longa lomwe lija, muli ndi ufulu wopanga? Lamulo loteteza ntchito za aluso la Copyright and Performance Rights Act la 1994 lilipo, koma kufika kumeneko ndiye kuti ubale watha kale. Mukafuna kumva mmene ena amachitira, pitani ku Showgrounds pa Henry Tayali Gallery, kumene kuli a Visual Arts Council, bungwe la ojambula ndi osema. Mupezako osema ndi ojambula amene amagwira ntchito ndi owotcherera ndi akalipentala nthawi zonse.

Atate_a_Limbani anayankha:

Zikomo kwambiri nonse. Ndinawaonetsa anzangawo zimene mwalemba.

Aphunzitsi, za utuchi ndayesa pa chidutswa cha felemu yakale ndipo mizere iwiri inaoneka monga munanenera. Anyamata a pa shedi yoyandikana anasiya ntchito kudzaonerera, wina mpaka anati ndayamba zamankhwala. Kamtengo kogogoda ndi kamene kakundivutabe. Munthu akadziponya kamalira bwino, koma akakhala mwaulemu, pang'onopang'ono ngati apongozi, mutu sufika pa thabwa ndipo sipamveka kanthu. Ndipo malinga ndi Amake Dalitso, akuluakulu ambiri adzakhala mwaulemu chomwecho.

Thoko, mphwanga wavomera za microswitch, ngakhale anayamba wanyinyirika chifukwa zoyezera kulemera anali atagula kale. Za kuphatikiza mayiwo azikonda, makamaka zoti mawu a m'tauni azidikira munthu akhalitse, akuti zikugwirizana ndi nkhani yawo kuposa mmene anaganizira poyamba. Ine ndavomera koma ndi lamulo limodzi, sipika isalire pamene mtengo ukulira. Tikukanganabe pa kutalika kwa nthawiyo. Iwo akuti masekondi 10, ine ndikuti 30, chifukwa munthu amene wakhala masekondi 10 sanayambe kudikira. Dirowa ndaijambula kale, ikhala kumbuyo, yotsegula ndi kiyi.

Amake Dalitso, thabwa lophimba kutsogolo ndawonjezera, vanishi ndamusiya. Za dzina ndinapita ndi pepala monga munanenera. Anawerenga, anakhala chete pang'ono, kenako anati dzina langa ndi la mnyamata alemba, palibe vuto. Pa zogulitsa tagwirizana. Pa zopanga lina sitinamalize. Iwo akuti benchilo likhale limodzi lokha padziko, ndiye mtengo wake. Ine ndikuti thabwa lotsika ndi nzeru yanga ndipo ndikufuna kudzaigwiritsa ntchito pa mabenchi a sukulu za mkaka. Mwina tigwirizana kuti ndisapange lofanana nalo m'maonekedwe koma makina ake ndikhale nawo. Tikumananso Loweruka.

Aphunzitsi_Zulu anayankha:

Vuto la wokhala mwaulemu lili ndi njira yake. Musadalire liwiro la munthu. Thabwa likamatsika lizikoka mkono wa kamtengo kumbuyo molimbana ndi malegeni, ndipo likatsala pang'ono kufika pansi, kadzino kamene kakukoka kaphonye n'kuusiya. Mphamvu yomenya ichokera m'malegeni, choncho wodziponya ndi wokhala pang'onopang'ono alira mofanana. Kadzinoko kakhale pa kahinji kakang'ono kuti munthu akanyamuka kadutse mkonowo pobwerera n'kukagwiranso. Sentimita imodzi ndi yochepa pa ntchito imeneyi, ndiye ikani kamkono kochulukitsa, mbali ya ku thabwa yaifupi, mbali ya ku kamtengo yaitali katatu kapena kanayi. Kadzino musemere mtengo wolimba ndipo mupake kandulo pamene pakukhulana. Semani awiri owonjezera pa mpando uliwonse muwasiye m'dirowa muja, chifukwa ndi amene adzayambe kudyeka. Loweruka masana ndimadutsa cha ku Mtendere, pafupi ndi Kalingalinga, mukandiuza pamene shedi ili ndibwera ndi kochunira.